Kuimira chipani chimene sichipambana: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wofunsa ngati n'kwanzeru kuimira ukhansala pa tikiti ya chipani chimene sichinapambanepo m'dera lawo, pamene achibale akuwauza kuti angomwaza mpamba wa golosale yawo. Mayi, funso lanu landikhudza pachilonda chimene sichinapole, choncho mundilole ndiyambire kwa ine mwini.

M'chaka cha 2014, pamene dziko lathu la Malawi linasankhanso makhansala patatha zaka zambiri opanda iwo, ndinapikisana nawo pa zisankho zachipulula. Tinasonkhana pabwalo la sukulu, ndipo ovota anauzidwa kuti aime pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Nditacheuka, ndinaona banja limene ndinaligulira bokosi la maliro mwezi wapitawo litaima pamzere wa mnzanga. Zinandipweteka kwa nthawi yaitali, koma lero sindiwaimba mlandu, chifukwa pa miyezi yonse ya kampeni ndinagula nsalu, mabokosi ndi mafuta a galimoto, osatsegulako ngakhale tsamba limodzi la bajeti ya khonsolo imene ndinkafuna kukaitumikira. Ndinkaganiza kuti ndale ndi mpando basi, ndipo wosaupeza watha.

Maganizo amenewa anasintha nditasamukira ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America, kumene ndinayamba kutsatira ntchito ya Stacey Abrams. Ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo nyumba ya aphungu ya ku Georgia ili ndi mipando 180. Aphunguwa amakumana masiku osapitirira 40 pachaka, malipiro awo ndi ochepa, kotero ambiri amakhala ndi ntchito ina yowadyetsa. Mayi Abrams, loya wa zamisonkho wophunzira ku Spelman College ndi ku Yale, analowa m'nyumbayo mu 2007, ndipo kuyambira 2011 mpaka 2017 anali mtsogoleri wa aphungu a chipani cha Democratic. Pa zaka zonsezo chipani chawo sichinakhalepo ndi aphungu ochuluka, ndiye kuti pa voti iliyonse ankadziwiratu kuti mbali ya Republican ikagwirizana, iwo agonja.

Nanga anachita chiyani? Mu 2011 kunabwera bilo yosintha misonkho imene eni ake ankanena kuti ipeputsa anthu. Iwo anakhala pansi ndi manambala, n'kupeza kuti anthu ambiri a m'chigawocho adzalipira zochuluka kuposa kale, ndipo anaika mapepala a masamuwo patebulo la phungu aliyense. Biloyo inafera pomwepo. Chaka chomwecho anagwirizana ndi bwanamkubwa (mtsogoleri wosankhidwa wa chigawo chonse) Nathan Deal wa Republican pokonzanso thumba la HOPE, limene limalipirira ophunzira a m'makoleji ndi ndalama za lotale. Anzawo ena a m'chipani anakwiya, ponena kuti avomereza kudula thandizo la ana osauka, ndipo nkhaniyi inawatsatira mpaka pa zisankho zachipulula za 2018. Ine ndimaona kuti anachita bwino kulowa m'chipinda chokambiranamo, chifukwa biloyo ikanadutsabe popanda iwo, ndipo potulukamo anali atapezera ophunzira ngongole za chiwongoladzanja chochepa.

Apa ndinene mosabisa. Ife taononga udindo wa phungu ndi wa khansala pousandutsa ntchito yogula mabokosi ndi kunyamula odwala, ndipo tikamuyamikira munthu timawerenga maliro amene anafikapo, osafunsa kuti ananena chiyani pamene ndalama za mlatho zinkagawidwa. Sindikunyoza kuthandizana pa zovuta, pakuti ndi umunthu wathu, koma woimira anthu amene sawerenga mapepala a bajeti akuwabera anthuwo ngakhale atakhala wa chipani cholamula. Wotsutsa amene amawerenga ndi woopsa kuposa khumi owomba m'manja.

Za kugonja

Musaganize kuti nkhani ya mayi Abrams inathera pampando waukulu. Mu 2018 anakhala mayi woyamba wachikuda kusankhidwa ndi chipani chachikulu kuti aimire ubwanamkubwa wa chigawo, koma anagonja kwa Brian Kemp ndi mavoti pafupifupi 55,000, pa chisankho chimene Kemp mwiniyo anali mkulu wa ofesi yoyang'anira zisankho. Anakhazikitsa bungwe la Fair Fight, n'kupitiriza ntchito yomwe anaiyamba ali phungu yolimbikitsa anthu kulembetsa m'kaundula wa voti. Pa chisankho cha pulezidenti cha mu 2020, Joe Biden wa Democratic anapambana ku Georgia ndi kusiyana kwa mavoti osakwana 12,000, koyamba kwa chipani chawo kuyambira 1992, ndipo anthu ambiri anatchula dzina la mayiyu. Komabe mu 2022 iwo anagonjanso kwa Kemp, ulendo uno ndi mavoti ochuluka kwambiri. Ndiyeneranso kunena kuti mu 2025 bungwe lina limene analiyambitsa, la New Georgia Project, linalipitsidwa chindapusa cha madola 300,000 pophwanya malamulo a ndalama za kampeni, ndipo zimenezi zinandikhumudwitsa ngakhale iwo anali atachokamo kalekale. Pa kampeni ya 2018 zinadziwikanso kuti anali ndi ngongole zoposa madola 200,000, choncho nkhawa ya achibale anu pa ndalama si yachabe.

Tsono mayi, imani. Golosale musaitseke, ndipo musanalengeze, gwirizanani ndi a m'nyumba mwanu za ndalama zimene simudzazipitirira, muzilembe papepala. Pitani ku ofesi ya khonsolo mukapemphe bajeti ya chaka chino, muiwerenge mpaka mudziwe chimene chinalonjezedwa m'wodi yanu ndi chimene chinamangidwadi. Mukaiwerenga mundilemberenso, tidzaione limodzi.