Kamtsikana ka kwa azakhali anu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Azakhali ake anakatenga mtsikana wa zaka 12 kumudzi, ati adzamuphunzitsa sukulu. Patha zaka ziwiri mwanayo asanapondeko m'kalasi, ntchito yake n'kulera khanda, kuchapa ndi kukolopa. Funso lawo: ndiyankhule, kapena ndikhale chete poopa kudanitsa abale?

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, nsima mpaka kuzizira. Mwandikanda pachilonda.

Ine ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Bambo anga anali tenanti, tinachoka ku Mulanje pa lole ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. M'buku la bwana munalembedwa dzina la bambo okha, koma munda wake munthu mmodzi sakanautha, ndiye khasu linagwera tonse. M'chilimwe kuthirira nazale tambala asanalire, dzinja likafika kuthyola fodya mame ali mbwee, masana kusoka masamba m'chigafa mpaka msana kuuma. Manja ankada ndi phula lomata loti sopo sankalichotsa, tinkachita kukwecha ndi mchenga. Madzulo mutu waching'alang'ala, nseru, nthawi zina kusanza. Amayi ankati ndi malungo. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti nikotini amalowera pakhungu fodya akakhala wonyowa, ndipo mu 2009 bungwe la Plan linapeza kuti ana ena othyola fodya kuno amalowetsa m'thupi nikotini wofanana ndi ndudu 50 patsiku. Ine amene sindinasutepo!

Sukulutu inali yaulere kale, kuyambira 1994. Koma teremu yachiwiri kalasi yathu inkatsala theka, ndipo aphunzitsi ankadziwa kumene tili. Abusa ankadziwa. Amfumu ankadziwa. Palibe amene ankadabwa, onse ankangoti mwana azolowere ntchito. Chimanga chomwe tinkadya chinali ngongole, fetereza ngongole, ndipo fodya akagulitsidwa bwana amachotsera zonsezo. Chaka china bambo anabwera ndi ndalama zongokwana wailesi ndi chitenje chimodzi cha amayi.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti za fodyazi zinayamba kumveka chifukwa akunja anakwiya. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azimugwira pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Alimi ena ndi ana awo anakasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial kukhoti la ku London. Mu 2021 aphungu athu anasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, kaya kumaesiteti kwathadi, amene amakhala kumeneko anene. Madola atagwedezeka, aliyense anadzuka. Koma nsima imene kamtsikana ka kwa azakhali anu kamaphika sikwera sitima kupita kunja, ndiye palibe adzaigwire padoko. Ngakhale lamulo la ntchito la 2000, limene limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, linasiya khomo lotsegula pa ntchito za m'nyumba. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo. Amenewo si ana a kumwezi. Ndi amene akutigulitsa mazira owiritsa kudepoti, akutiwetera ng'ombe kumudzi, akutitsegulira geti.

Ndisadziyeretse. Titakhala ndi mwana woyamba, ine ndi mayi akunyumba tinatenganso mtsikana wa zaka 13. Mawu ake omwewo: tikumuthandiza, kwawo n'kosauka, kuno akudya katatu. Sukulu tinati ayamba khanda likakulako. Ankadyera kukhitchini, kugona pamphasa pafupi ndi thumba la makala. Tsiku lina ndinabwera msanga kuntchito, ndinamupeza atabereka mwana wanga, akuloza ndi chala zilembo za pa paketi ya shuga, milomo ikuyenda. Atandiona anabisa paketiyo kumbuyo ngati waba. Ine, mwana wa tenanti, ndinali nditasanduka bwana wa esiteti m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Anabwerera kwawo chaka chomwecho, ndipo tinadzamva kuti anakwatiwa asanakwane zaka 16.

Ndiye wina asandiuze kuti n'chikhalidwe chathu. Mwana kutsuka mbale kwawo, kutunga madzi, kupita kumunda Loweruka, zimenezo palibe akutsutsa. Koma ako avale yunifolomu, wa mnzako awanyamulire zikwama mpaka pageti n'kubwerera kukachapa matewera, kumeneko n'kudyera masuku pamutu. Timasankha mwana dala chifukwa wamkulu angafune malipiro, angafune tchuthi, angayankhe.

Tsono muchite chiyani?

Yankhulani. Yambani ndi azakhali paokha, mwaulemu, osati pagulu la WhatsApp la banja. Musapite ndi mlandu, pitani ndi tsiku: teremu ikubwerayi mwana alembetsedwe pasukulu yapafupi, ndipo ngati mungathe yunifolomu ndi makope mugule ndinu. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza. Mufunseni mwanayo zimene iye akufuna, ndipo makolo ake amve zoona. Akakana azakhali, kapena mukaona zipsera, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ngakhale ku Victim Support Unit kupolisi.

Azakhali adzakusalani, mwina mpaka Khirisimasi, ndipo ku chinkhoswe mudzakhala nkhani. Mwanayo akayamba sukulu mundilemberenso, mundiuze kalasi imene amuyika. Makope a teremu yoyamba ndigula ine.