Chotsani sefa ya inlet muone ndi maso anu

Achimwene, mwati injini ya ndege yanu ikung'ung'udza. Kung'ung'udza mukunenako ine ndimakumvabe kutulo. Yanga inali ndege ya Caravan ya injini ya PT6A-114A, itangobwera kuchokera ku bwalo la miyala m'chilimwe. Payiloti anangoti ITT (kutentha kwa m'kati mwa injini) yakwera pang'ono, injini ikulira ngati njuchi zili mumng'oma. Abwana osapita n'komwe pandegepo, akuti "tsukani kompresa, mawa ili ndi alendo." Ndinatsuka. Kawiri! Bleed valve, yotulutsa mpweya wowonjezera mu kompresa, tinaiyesanso, ilibe mlandu.

Usikuwo mtima unakana. Ndinachotsa sefa ya inlet (polowera mpweya mu injini), tochi kukamwa, n'kumazungulitsa stage yoyamba (mzere woyamba wa mableidi a kompresa) ndi chala pang'onopang'ono. Bleidi imodzi yopindika kunsonga, yoyandikana nayo yobenthuka m'mphepete mwakutsogolo, kachidutswa kulibe. Nkhongono zinazizira, ndinakhala pansi pa simenti penipeni. Chinthu chozungulira maulendo opitirira 37,000 pa mphindi, ndiye m'mawa mwake chinyamule anthu kudutsa pamwamba pa nyanja, siginecha ili yanga! Borescope, kamera yoonera m'kati mwa injini, itabwera tinapeza zipsera mpaka ku stage yachitatu, impeller (gudumu lomaliza la kompresa) nayo yokalika.

Mukudziwa zimene ananena abwanawo? Ati ndine ndinasiya lockwire, waya womangira mabawuti, m'katimo. Munthu yemwe uja wa "tsukani"! Anandiyimitsa ntchito, ana kunyumba akufuna fizi. Chonsecho chipsera chimanena chokha. Chitsulo chimasiya chidindo chake, waya kapena mazinga a bawuti amaoneka, pomwe apa panali pokumbika mwamanyanya, fumbi lofiira lili momwemo. Payiloti anadzavomera mochedwa kuti inertial separator, yopatutsa miyala kuti isalowe mu injini, anaisiya pa NORMAL osaigwiritsa ntchito, n'kuponda reverse ya pulopela pamiyala. Kupepesa? Mpaka lero.

Inuyo ngati bleidi yathyoka kale, musapukute pothyokapo, musalumikizenso zidutswa kuti muone ngati zikugwirizana, mumafufuta umboni. Onani ndi galasi lokulitsa. Mizere yokhota ngati imene mafunde amasiya pamchenga ndiye fatigue, mng'alu unayamba kalekale pa kachipsera kapena dzimbiri. Pokhakhala ponseponse ndiye inathyoka kamodzin'kamodzi. Jambulani zithunzi abwana asanafike, ndikunena ine.

Koma musathamangirenso kung'amba injini, ndalama zake si zamasewera. Onani kaye trend, mmene zakhala zikusinthira ITT, Ng (liwiro la kompresa) ndi fuel flow (mafuta amene injini ikumwa). Zikamakwera pang'onopang'ono kwa miyezi, nthawi zambiri ndi litsiro chabe, tsukani. Kachipsera kakang'ono kali m'malire a manual mumangosalaza basi, ndege n'kumauluka.