Batire la Leaf yanu lisamagone lodzaza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kuno ku Kasungu. Anagula galimoto yoyendera magetsi, Nissan Leaf ya 2018, yoyendapo kale ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Akuti patsiku amayenda makilomita pafupifupi 40, ndipo funso lawo ndi ili: "Magetsi akangoyaka ndimalumikiza galimoto mpaka ifike 100, chifukwa sindidziwa kuti athima liti. Alamu anga akuti ndikupha batire, ndizidikira litheretu kaye ndiye ndizitchaja, ngati momwe tinkachitira ndi mafoni. Zoona ndi ziti?"

Bambo, alamu anuwo aona bwino mbali imodzi. Kudzaza usiku uliwonse kukulikalambitsadi batirelo. Koma zoti lizitheratu musawamvere.

Inu ndi alamu anu nonse mukutsatira zimene mabatire ena anatiphunzitsa. Ife tinakula ndi batire la asidi, lija la minibasi ndi la sola kumudzi. Limenelo limafunadi kukhala lodzaza. Mukalisiya lophwa masiku angapo mapuleti ake amayanga zolimba ndipo silibwereranso mwakale. Chizolowezi chanu chachokera kumeneko. Alamu anu akukumbukira mabatire a nickel a m'mafoni ndi m'matochi akale, amene tinkauzidwa kuti azitha kaye. La mu Leaf ndi la lithium, ndipo khalidwe lake ndi lina. Limakhala pamtendere likakhala chapakati, kuyambira pa 20 kufika pa 80 peresenti. Kumapeto konse kuwiri limavutika.

Munthu wa kabaza amadziwa kuti tchubu chopopa mpaka kulimba gwa sachisiya padzuwa la Okutobala. Batire la lithium lilinso choncho. Likadzaza, kachipinda kalikonse ka mkati mwake kamafika pafupifupi mavoti 4.2, ndipo pamenepo madzi a mkatimo amayamba kudyana pang'onopang'ono ndi zipangizo zosunga moto. Lithium wina amakodwa, sagwiranso ntchito mpaka kalekale. Kudyanako kumachitika ngakhale galimoto itangoima, ndipo kukatentha kumafulumira. Choncho chowononga kwambiri si kufika pa 100 ayi, koma kukhalitsa pa 100 kukutentha. Galimoto yodzaza 10 koloko usiku, n'kukaima padzuwa kuntchito tsiku lonse ikadali pa 90 ndi kanthu, madzulo n'kuidzazanso, ndiye kuti moyo wake wonse ikukhala pamalo ovutawo.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa galimoto yanuyi ili ndi chofooka chake chimene ogulitsa ambiri satchula. Magalimoto ena amagetsi, monga a Tesla, ali ndi timapaipi ta madzi toziziritsa batire. Leaf yanu ilibe, ndipo zinali choncho kuyambira pamene Leaf inatuluka mu 2010. Batire lake likatentha limadikira mphepo basi. Mu 2012 eni ma Leaf a ku Phoenix m'chigawo cha Arizona ku America, kumene kumatentha koopsa, anadandaula kuti mabatire awo akuchepa mphamvu msanga, ndipo Nissan inadzasintha kapangidwe ka batirelo kuti lizipirirako kutentha. Lanu ndi la m'badwo wapambuyo, la 40 kWh (losunga mayuniti 40 a magetsi likakhala latsopano), koma timapaipi tija palibebe. Kwathu kuno sikutentha ngati Phoenix, komabe Okutobala ndi Novembala mukuwadziwa. Mthunzi wa mango kapena kashedi ka udzu n'kofunika pa galimoto imeneyi kuposa pa Sienta ya aneba. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kusakudetseni nkhawa. Galimoto ingakuonetseni makilomita ochepako m'mawa, koma batire silikuwonongeka.

Tsopano za kuthima kwa magetsi, zimene ndikuona kuti ndizo zikukusowetsani tulo. Ndikukumvetsani, tonse timathamangira kutchaja foni ndi kusita magetsi akangobwera. Koma tawerengerani nane. Leaf imayenda makilomita pafupifupi 6 pa yuniti imodzi. Makilomita anu 40 ndi mayuniti 7, omwe ndi pafupifupi 20 peresenti ya batire. Mukayambira pa 80, mutha kuyenda masiku atatu osalumikiza n'komwe musanafike pa 20. Nkhokwe muli nayo kale. Ndipo kutchaja pang'onopang'ono, ola limodzi lero, maola awiri mawa, batire la lithium silidana nako, ndiko limakonda. Ndiye magetsi akayaka lumikizani ndithu, chizolowezi chimenecho n'chabwino. Chosintha ndi poimira pokha.

Vuto n'lakuti Leaf ya 2018 ilibe poiuza kuti iime pa 80, ngakhale zoyambirira zija zinali napo. Chimene ili nacho ndi wotchi yoikira nthawi yoyamba ndi yosiya kutchaja. Popeza yanu yachokera ku Japan, zolemba zake zili m'Chijapani. Lozetsani kamera ya foni yomasulira mawu, mupeza. Chingwe chokoka ma amp 10 pa magetsi athu a mavoti 230 chimapereka 2.3 kW, ndiye batire limakwera pafupifupi 5 peresenti pa ola. Kuchoka pa 50 kufika pa 80 ndi maola ngati sikisi. Yesani masiku awiri atatu, muona liwiro la chingwe chanu. Ngati wotchiyo ikukuvutani, alamu ya pafoni ndi dzanja lanu zikwanira. Likapitirira n'kufika 85 kapena 90 tsiku lina, musadandaule.

Nthawi yabwino yotchaja ndi usiku kapena m'bandakucha, galimoto itapuma. Mukangofika kuchokera ulendo wautali masana, batire limakhala lofunda kale, ndipo kutchaja kumawonjezera kutentha. Ipatseni ola limodzi kapena awiri pamthunzi, pokhapokha ngati yatsala pang'ono kutheratu.

Nanga 100 n'choletsedwa? Ayi. Ulendo wa ku Lilongwe pa M1 ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo kupita ndi kubwera pa batire limodzi loyendapo kale simungakudalire, mudzafunika kuwonjezera moto kumeneko. Tsiku lotero dzazani mpaka pakamwa, kungoti konzani kuti lidzaze chakum'mawa, inu n'kunyamuka. Kudzaza kwa apo ndi apo, mwina kamodzi pamwezi, kumathandizanso kompyuta ya galimoto kulinganiza tizipinda tija ndi kuwerenga bwino moto wotsala. Mukapeza chotchajira chachangu, chija cholowa pa bowo lalikulu la CHAdeMO, gwiritsani ntchito paulendo, koma osati kawiri katatu motsatizana dzuwa lili pamutu. Leaf ya 40 kWh ikatentha imachepetsa yokha liwiro lotchajira pofuna kudziteteza.

Za alamu anu zija ndibwerezenso pang'ono. Kufika pa 10 peresenti tsiku lina chifukwa ulendo watalika si mlandu. Choopsa ndi kuisiya pansi pomwepo. Buku la Nissan limachenjeza kuti galimoto isakhale masiku opitirira 14 batire lili pa ziro kapena pafupi napo. Mukamachoka kwa mwezi, isiyeni pa theka, pamthunzi.

Pali china chimene simunafunse, koma sindingachisiye. Ndinaitanidwapo kunyumba ina kukaona soketi imene inasungunuka mpaka pulagi kukakamira, chifukwa inakoka moto wambiri usiku wonse kudzera pa ekisitenshoni yotchipa. Mwamwayi ana anamva fungo. Soketi zathu za mano atatu zimalekezera pa ma amp 13, ndipo galimoto imakoka moto maola ambiri osapuma, mosiyana ndi ketulo. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito akukokereni waya wakewake wokhuthala, wokhala ndi bureka yake ndi waya wapansi wabwino. Aonenso chizindikiro cha pa chingwe chanu, chifukwa zingwe zobwera ndi galimoto za ku Japan zinapangidwira mavoti 200 kapena 100. Magetsi akabwera atathima, dikirani mphindi zingapo akhazikike musanalumikize.

Kwa owerenga ena amene ali ndi galimoto yamagetsi ya BYD kapena ina ya batire la mtundu wina wa lithium wotchedwa LFP, nkhani yanu ndi yosiyanako. Limenelo limapirira kudzaza, ndipo Tesla imauza eni magalimoto ake a LFP kuti azifikitsa pa 100 kamodzi pa sabata kuti kompyuta isasokonezeke powerengera. Yambani mwadziwa mtundu wa batire lanu.

Inu bambo, pa sikirini ya Leaf yanu pali tsamba loonetsa thanzi la batire ndi timizere 12. Kamzere koyamba kamazima mphamvu ikatsika kufika pafupifupi 85 peresenti ya pamene linali latsopano, choncho timizere tonse tikhoza kuoneka batire litataya kale ndithu. Kuti muone nambala yeniyeni, pezani kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto kotchedwa OBD2, kolowa pansi pa chiwongolero, muike pulogalamu ya LeafSpy pafoni, muyang'ane pamene palembedwa SOH, kutanthauza thanzi la batire. Lembani nambalayo m'kope lero, mudzaionenso mvula ikagwa mu Disembala, mudzanditumizire zonse ziwiri.