Mwana wanga akufuna ntchito yokonza chisamaliro cha m'zipatala: ayambire pati?

Mayi ena a ku Kasungu atilembera kuti mwana wawo wamkazi, amene ali mu Fomu 4, wakhala akuona mabungwe akulengeza kuti akufuna Quality Improvement Officer, wokonza chisamaliro cha m'zipatala, ndipo mtima wake wagwera pomwepo. Akufunsa kuti ntchitoyi ndi yotani, amaphunzirira kukoleji iti, komanso ngati munthu angadyerepo.

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi zimene mwina mtsikanayu sazikonda: ntchito imeneyi munthu sailowa akungochoka pabenchi ya sukulu. Ambiri amene akuigwira anayamba ndi unamwino, uzamba, udokotala, za mankhwala, za mu labotale kapena zosunga ziwerengero, n'kugwira kaye m'wodi zaka zingapo. Mabungwe amafuna munthu amene azamba akale sangamufunse kuti, "Iwe unagonapo ku leba usiku magetsi atazima?"

Ntchito yake imaoneka chonchi. Tinene kuti pachipatala china ana obadwa masiku asanakwane akufika ku nazale atazizira, ndipo ena akumwalira. Wogwira ntchitoyi sayamba ndi kufufuza wolakwa. Amakhala pansi ndi anamwino, azamba ndi othandiza m'wodi, n'kutsegula kaundula wa mwezi watha: ana angati anafika kutentha kwa thupi kuli pansi pa madigiri 36.5? Akatero amatsatira njira yonse imene khanda limadutsa. Mwina zenera la ku leba linasweka kalekale. Mwina mwana amayezedwa pasikelo ali mbulanda, kapena amanyamulidwa m'khonde lalitali popanda chipewa m'malo momuika pachifuwa cha mayi ake. Gululo limasankha chinthu chimodzi chokha, kuchiyesa kwa sabata ziwiri, kuwerenganso, n'kujambula zotsatira papepala lomata pakhoma kuti aliyense aziona. Zikatheka amapitiriza, zikakanika amayesa china. Njirayi amaitcha PDSA (Plan, Do, Study, Act), ndipo mwana wanuyo adzaimva mpaka kutopa nayo.

Chifukwa chimene ntchitoyi yakulira n'chakuti kufika kuchipatala pakokha sikupulumutsa. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ku Malawi ankachilira kuchipatala, komabe pa ana 100,000 obadwa amoyo amayi 439 ankamwalira. Tinawauza amayi kuti asiye kuchilira kwa azamba akumudzi, iwo anamvera, ndiye funso linatsala kwa ife a m'zipatala. Mu 2018 akatswiri a magazini ya Lancet Global Health anawerengera kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene anthu pafupifupi 5 miliyoni amafa chaka chilichonse atalandira chithandizo chosakwanira, pamene 3.6 miliyoni amafa chifukwa chosapita n'komwe kuchipatala.

Kwanu ku Kasunguko nkhaniyi si yachilendo. Bungwe la MaiKhanda linagwira ntchito yotereyi m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Salima mothandizana ndi Institute for Healthcare Improvement ya ku America. Kumene kunali magulu a amayi m'midzi pamodzi ndi kukonza ntchito m'chipatala, imfa za makanda zinatsika ndi 22 pa 100 alionse. Imfa za amayi sizinasinthe mooneka. Ndanena mbali yachiwiriyi dala, chifukwa wofuna ntchitoyi ayenera kukhala munthu wotha kunena kuti "izi sizinatheke" pamaso pa amene anapereka ndalama.

Palinso njira ya 5S ndi KAIZEN, imene inachokera m'mafakitale a ku Japan, inayesedwa pachipatala cha amayi cha Castle Street ku Colombo, Sri Lanka, kenako bungwe la boma la Japan la JICA linaifalitsa m'zipatala za mu Africa kuyambira 2007. Mfundo yake ndi yakuti zosafunika zichoke ndipo chilichonse chikhale pamalo pake, kuti mayi akayamba kukomoka ndi kuthamanga kwa magazi, namwino asataye mphindi khumi akusaka mankhwala a magnesium sulphate m'makatoni. Ine ndimaikonda njirayi, koma ndimadandaula kuti m'malo ena imathera pa kupenta makoma ndi kumata timapepala pamashelefu alendo akamabwera. Mwana wanu asadzakhale wa timapepala.

Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yoona za ubwino wa chithandizo, Quality Management Directorate, ndipo m'zipatala muli magulu otchedwa QIST oyang'ana chipatala chonse, ndi ma WIT a m'wodi iliyonse. Mu February 2017 maiko asanu ndi anayi, kuphatikizapo Malawi, Ghana, Ethiopia, Tanzania, Uganda, India ndi Bangladesh, anakumana ku Lilongwe ndi WHO ndi UNICEF n'kugwirizana zochepetsa ndi theka imfa za amayi ndi makanda m'zipatala pa zaka zisanu. Choncho luso limeneli silithera pamalire a dziko lathu.

Tsopano njira yake. Pa MSCE alimbikire Biology, Chemistry, Physics, Chingerezi ndi masamu, ndipo masamuwo asawatenge ngati phunziro longokwaniritsira makirediti. Theka la ntchitoyi ndi kuwerenga ndi kuyerekeza. Akakhoza bwino angapite ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kapena ku Mzuzu University kumene kulinso unamwino. Mapointi akapanda kufika kumeneko asagwe mphwayi: kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi Malamulo. Zofunika polowa zimasiyana ndipo zimasintha, ndiye muziwerenga chilengezo cha chaka chimenecho, osadalira za mnansi amene mwana wake analowa kale. Musanalipire fizi kukoleji ina iliyonse, funsani ngati maphunziro ake ndi ovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi kapena Medical Council of Malawi. Popanda chilolezo cha mabungwe amenewa sangakhudze wodwala.

Digiri yachiwiri, monga Master of Public Health, ibwere pambuyo. Ndaona achinyamata akuithamangira asanagwirepo ngakhale chaka chimodzi m'wodi, ndipo pa intavyu amagwa pafunso losavuta: tatiuzani vuto limodzi limene munalipeza, chimene munasintha, ndi mmene munadziwira kuti zasinthadi. Funsoli setifiketi siingakuyankhire. Chimene angachite msanga ndi kuzolowera kompyuta, makamaka Excel, ndipo akayamba ntchito aphunzire DHIS2, pulogalamu imene zipatala zimatumiziramo malipoti a mwezi ndi mwezi.

Za kudyerapo ndisakunamizeni. M'boma, nthawi zambiri ntchitoyi imangowonjezedwa pa ntchito yako ya masiku onse. Ukhoza kukhala wapampando wa WIT malipiro ali omwe aja. Mabungwe amalipira bwino kuposa boma, koma ndi makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, odalira thandizo lakunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025, anthu ambiri a m'mapulojekiti a zaumoyo anatsala manja ali m'khosi mwadzidzidzi. Amene anali ndi chilolezo cha unamwino kapena uzamba chimene chinali chisanathe ntchito anali ndi kolowera. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti ayambe ndi ntchito ya m'manja, ndipo chilolezocho azichikonzanso nthawi yake ikakwana ngakhale atakhala muofesi.

Kwa iwe mtsikana, tadzifunsa ngati ungathe kuuza munthu wa msinkhu wa amayi ako kuti tchati cha partograph, cholondolera mmene mayi akuchilira, sichikulembedwa, mwaulemu, iye osamva ngati wamuchotsa ulemu pagulu. Udzagwira ndi anthu otopa, namwino mmodzi pa odwala ochuluka, magolovesi atatha, ndipo ukadzabwera ngati wapolisi adzayamba kudzaza mafomu kuti akusangalatse, ziwerengero n'kukhala zabodza. Udzakhalanso pamisonkhano yokambirana imfa ya mayi, pamene aliyense m'chipindamo akuopa kulozedwa chala. Ena mitima yawo siipirira zimenezi, ndipo si mlandu. Ntchito za umoyo n'zambiri.

Ukadzatumizidwa kokayeserera ntchito m'chaka choyamba cha kukoleji, udzafunse sisitala woyang'anira wodi kuti amene amaona za Quality Improvement (QI) pamenepo ndani, ndipo gulu lawo limakumana tsiku liti. Udzapemphe kuwathandiza kuwerenga kaundula, ntchito imene ambiri amaithawa. Zimene udzapeze uzidzazilemba m'kope lako: vuto, tsiku, chimene chinayesedwa ndi zotsatira zake, popanda maina a odwala.