Za mnyamata waku Lizulu ndi disiki yake ya ma system angapo

Bambo ena aku Lizulu andilembera, ndiifupikitse nkhani yake. Mwana wawo walemba MSCE chaka chino, akudikira zotsatira, nde usiku onse amangokhalira ka laputopu kakale komwe anamusiyira amalume ake, akuti akupanga disiki imodzi yokhala ndi ma system angapo yoti ukayatsa kompyuta pazibwera mndandanda usankhe wekha choti chitseguke. Ma DVD asanu atayidwa kale, kumunda wa kachewere akupita akusinza, ndipo bambowa akufunsa ngati zimenezi zili ndi tsogolo kapena ndi chibwana basi. Mnyamatayo naye anaphatikizapo kafunso kake pansi pa uthengawo, akuti menu ikubwera bwinobwino koma akasankha chinthu imangobwerera pomwepo.

Bambo, mundilole ndiyambe ndi mwanayu, inu ndikubwererani.

Mphwanga, ngati menu ikuoneka ndiye kuti gawo lovuta wadutsa kale. Kompyuta ikayaka, BIOS, pulogalamu ya mkati mwa makinawo yomwe imayamba kudzuka, imasaka kapulogalamu koyambitsira, pa CD kapena DVD imatsata dongosolo lotchedwa El Torito lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, kenako kapulogalamuko, kwa iwe ndikukhulupilira ndi ISOLINUX, kamawerenga fayilo ya isolinux.cfg. Fayilo imeneyi ilibe matsenga, ndi mawu wamba oti ukhoza kutsegula mu Notepad. Mwachitsanzo:

UI menu.c32
TIMEOUT 100
LABEL gparted
MENU LABEL Kukonza hard disk
KERNEL /gparted/vmlinuz
APPEND initrd=/gparted/initrd.img boot=live live-media-path=/gparted

Mzere wa MENU LABEL ndi dzina loonekera pa sikirini, lemba mChichewa ngati ukufuna, kompyuta sizikuikhudza. Koma KERNEL ndi APPEND ndi adiresi, ndipo adiresi ikaphonya ndi chilembo chimodzi chokha ISOLINUX siipeza fayilo, imakubwezera ku menu ngati minibasi yomwe yalephera kudzadza. Ndikukaika kwambiri ngati vuto lako lili kwina. Ukaima pa chinthu chomwe chikukanacho dina Tab, ikuonetsa mzere onse omwe ikufuna kuyendetsa, nde ufananize ndi ma foda omwe ali pa disiki chilembo ndi chilembo. Mayina a mafoda akhale afupi, zilembo zing'onozing'ono, opanda mpata pakati. Ndipo mzere wa APPEND usamaupeke m'mutu ayi, tsegula ISO yeniyeni ya system imeneyo, fayilo imodzi ija yokhala ndi zonse za pa disiki yake, mkatimo muli kale fayilo yake ya menu, kopela mzerewo nkusintha njira ya foda yokha. Ma system ochokera ku Linux ya Debian ngati GParted Live yogawira hard disk ndi Clonezilla yokopera hard disk yonse ukawasamutsira mufoda ina umayenera kuwauza ndi live-media-path, apo ayi kernel, mtima wa system, inyamuka koma ikafika pakati iyamba kusaka mafayilo ake osawapeza.

Kanthu kena komwe kamaseketsa, TIMEOUT 100 sikuti ndi masekondi 100, ndi 10, chifukwa ISOLINUX imawerenga sekondi imodzi ngati magawo khumi. Anthu amalemba 5 nkumadabwa kuti menu ikungophethira nkuthawa. Mu GRUB, kapulogalamu kena koyambitsira, ndi zosiyana, timeout=10 ndi masekondi khumi enieni.

Tsono za ma DVD akuthawo. Siya kuotcha. Ika VirtualBox kapena QEMU, mapulogalamu opanga kompyuta yongoyerekeza mkati mwa laputopu yako, zonse ndi zaulere, bandulo ya usiku umodzi yakwana, uziyesera ISO yako mmenemo, ikakana konza mzere panganso ISO yesanso, ngakhale ka 40 palibe kwacha yatuluka. Uziwonjezera chinthu chimodzi chimodzi, yamba ndi Memtest86+ yoyezera RAM, ikatheka onjeza china. Ukathira zisanu nthawi imodzi nkukana sudziwa cholakwa ndi chiti. Ndipo gula kope la ndalama zochepa uzilembamo uthenga uliwonse omwe kompyuta yakanira nawo ndi momwe unaukonzera, kope limeneli ndilo udzalifune kuposa disikiyo.

Ndikuuzenso chowawa pang'ono. Makina ambiri omwe anatuluka kuyambira nthawi ya Windows 8 mu 2012 amayendera dongosolo latsopano loyatsira lotchedwa UEFI osati BIOS yakale, ndipo ISOLINUX mu UEFI siyenda pokhapokha makinawo akhale ndi njira ya Legacy yotsanzira BIOS yakale ija. Ambiri alibenso ndi polowetsa DVD pomwe. Nde ukamaliza apa pita ku GRUB 2, fayilo yake ndi grub.cfg, uphunzire menuentry, linux, initrd ndi loopback yomwe imatsegula ISO osaiphwasula, uzichita pa flash. Palinso Ventoy yomwe inatuluka mu 2020, umangoiika pa flash nkumaponyamo ma ISO menu imadzipanga yokha, koma chenjera, poiika imafufuta zonse za pa flashpo. Pa ntchito yeniyeni udzagwiritsa imeneyo, sindikubisa. Koma tsiku lomwe idzakane pa makina a kasitomala, amene analembapo menu ndi manja ndi amene adzadziwe poyang'ana.

Tsopano bambo. Disikiyo payokha sindinganame kuti ikagulitsidwa pa msika wa Lizulu, palibe angaigule. Chomwe mwana wanu akutola ndi kudziwa zomwe zimachitika kuyambira podina batani mpaka kompyuta kutseguka, ndipo madandaulo ambiri omwe amafika kwa okonza makompyuta pa boma pa Ntcheu kapena pa Dedza ndi omwewa, yakana kuyaka, yangoti bii, mafayilo a ofesi atsekeredwa mkati. Komanso mwana oti walephera kasanu koma akadali pompo osagwa ulesi, ine amandisangalatsa kuposa oloweza manotsi.

Koma luso lopanda pepala limavuta pofunsira ntchito. Zotsatira zikatuluka muone kaye ma credit, ku mayunivesite aboma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, amafuna osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a kompyuta ku MUBAS, MUST, UNIMA kapena Mzuni amayang'ana kwambiri masamu. Zikapanda kukwana si mapeto, kuli koleji ya za makompyuta ya NACIT ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kulinso makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Mtsogolo akapeza kangachepe adzaganizire mayeso a CompTIA A+ kapena Linux Essentials, zomwe akuchita usikuzi zimalowa mmenemo ndithu. Padakali pano ngati pali okonza makompyuta omwe mumawadziwa pa boma, mukamupemphere kuti azikathandiza ngakhale masiku awiri pa sabata, akagwire makina osiyanasiyana osati ka laputopu kamodzi komweko. Mungomuuza chinthu chimodzi mwamphamvu, GParted ndi Clonezilla asadzayese pa kompyuta ya munthu asanakopele mafayilo ake kwina, kudina kumodzi kolakwika zithunzi za ukwati zapita ndipo mlandu ubwera pakhomo panu.

Za kumunda mugwirizane, m'mawa khasu, madzulo laputopu, ikakwana 10 koloko agone. Ndalama ya ma DVD ija musonkhanitse mumugulire flash ya 16 GB.

Iwe mphwanga ukadina Tab muja undilembere mzere omwe ukutulukawo ndi mayina a mafoda ako, tiuone limodzi.