Kalabu ya 4-H kwa a Navajo iyambire ku chapter house

Achemwali, mwati bungwe lanu ku Arizona, m'dziko la America, likufuna kuyambitsa kalabu ya 4-H, yophunzitsa achinyamata zaulimi ndi maluso ena, pakati pa a Navajo, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a kumeneko, koma makolo sakubwera kumisonkhano ndipo ana akungolowa n'kusiya. Choyamba mvetsani kumene kukayika kwawoko kukuchokera. Kuyambira 1879, pamene sukulu yogonera komweko ya Carlisle inatsegulidwa ku Pennsylvania, ana a eni nthaka ankachotsedwa kwa makolo, kumetedwa tsitsi ndi kulangidwa akayankhula chinenero chawo. M'zaka za m'ma 1930 boma la America linachepetsanso mokakamiza nkhosa ndi mbuzi za a Navajo. Mlendo akafika lero ndi mafomu, akuti akufuna ana komanso akukamba za ziweto, amakhala waponda pa zilonda ziwiri nthawi imodzi.

Musayambire kusukulu. Dziko la a Navajo lili ndi madera a ulamuliro 110 otchedwa ma chapter, ndipo chapter iliyonse ili ndi nyumba yake yochitiramo misonkhano, chapter house. Pemphani kuti nkhani yanu ilowe pa ndondomeko ya msonkhano, anthu akambirane, avote, chigwirizanocho chilembedwe. Pitani ndi mlangizi wa zaulimi wa pulogalamu ya boma la America ya ulangizi yotchedwa FRTEP, imene inayamba mu 1990 potumikira madera a eni nthaka. Pamsonkhanopo yankhulani pang'ono. A Navajo akamadzidziwitsa amatchula mifunda inayi, kuyambira wa kuchikazi, monga momwe Mchewa amawerengera mbumba. Nanunso nenani kwanu ndi makolo anu musanatchule dzina la bungwe.

Zofunika pa malamulo a 4-H n'zochepa: m'madera ambiri amafuna ana osachepera 5 ochokera m'mabanja 3, ndi akuluakulu odzipereka amene mbiri yawo yafufuzidwa. Kufufuzako kumatenga nthawi, choncho yambani msanga, ndipo pezani anthu atatu kapena anayi. Kalabu yodalira munthu mmodzi imafa tsiku limene iye wapeza ntchito mumzinda wa Flagstaff.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa nkhosa. Ku chionetsero kumene ana a 4-H amapikisana ndi ziweto zimene aweta, oweruza amakonda nkhosa zonenepa za nyama monga Suffolk, zodyetsedwa chakudya chogula miyezi itatu kapena inayi. Nkhosa ya agogo, ya Navajo-Churro, ndi yaing'ono ndiponso yowonda, ndiye mwana akapita nayo amabwerako wolira. Komatu chuma chake chili pa ubweya: uli ndi zigawo ziwiri, wakunja wautali ndi wokhakhala, wamkati wofewa. Konzani ntchito ya chaka chonse pa ubweyawo: kumeta nyengo yozizira ikatha, kuchapa, kupesa, kupota ulusi, kunyika mu utoto wa zomera, kenako kuluka. Mphunzitsi akhale agogo aakazi, ndipo alipidwe ngati katswiri aliyense. N'zowawa kuona bungwe likulipira mlangizi wochokera kutauni koma agogo odziwa ntchitoyo n'kungowapatsa zikomo. Dimba nalo likhale la chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, za mbewu zawo zomwe, zopirira chilala.

Funsani akuluakulu za kalendala musanasindikize. Nthano zina ndi masewera a ulusi wa m'zala zimachitika nyengo yachisanu yokha, ndipo banja likakhala ndi mwambo wa masiku angapo, mwana asachotsedwe m'kaundula chifukwa chojomba.

Za ana osiyawo, kawirikawiri gwero ndi mayendedwe. Nyumba zili motalikirana, misewu yambiri ndi yafumbi ndipo mvula kapena chipale zikagwa imasanduka matope. Kumanani sukulu ikangoweruka, gwirizanani za galimoto yowabweza, ndipo pakhale chakudya. Makomo ambiri alibe madzi a m'mipope kapena intaneti yodalirika, choncho kulembetsa kukhale kwa papepala, ndipo musapereke ntchito yofuna madzi ambiri kunyumba. Mu bajeti, mafuta a galimoto ndi malipiro a agogo zilembedwe kwa zaka zitatu, chifukwa thandizo la chaka chimodzi limatha ana atangoyamba kukudalirani.