Tifunseni: Nthano Yanga ya pa Foni Ikumasochera Pakati pa Shire

FUNSO

Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Bangula, m'boma la Nsanje. Madzulo kukayamba kuzizira ndimakonda kupeka timasewera ta nthano pa ChatGPT, tomwe wosewera amasankha yekha chochita. Kena mwa timasewerati n'konena za mnyamata amene akuwolotsa agogo ake pa bwato kuchokera ku Makhanga madzi atasefukira. Vuto langa n'lakuti nkhaniyo ikafika pakati imasokonekera: agogo aja amasanduka amalume, bwato limapezeka lili ndi injini yomwe sindinaikepo, ndipo tsiku lina mng'ono wanga analemba kuti "ndauluka", makinawo n'kumulola. Kodi ndikulakwitsa pati? Nanga n'zotheka kuti seweroli lizikhala m'Chichewa kapena m'Chisena?

Wowerenga wa ku Bangula

YANKHO

Aphunzitsi, palibe chachikulu chomwe mwalakwitsa, kungoti mwasenzetsa chatbot (pulogalamu yocheza nayo, ngati ChatGPT) katundu amene siingathe kunyamula. Masewera amtunduwu anayamba kale mafoni a m'manja kulibe. Mu 1976 munthu wina wa ku America, Will Crowther, analemba pa kompyuta sewero la mawu okhaokha lotchedwa Colossal Cave Adventure, ndipo mu 1977 Don Woods analiwonjezera. Crowther ankakonda kuyenda m'mapanga a ku Kentucky, choncho malo a m'sewero lakelo anali malo omwe anawapondapo ndi mapazi ake. Chipinda chilichonse cha phangalo, nyali ngakhalenso makiyi, zonse zinalembedweratu ndi munthu; ntchito ya kompyuta inali yongosunga kaundula wa pamene wosewera wafika ndi zomwe wanyamula.

Chatbot siisunga kaundula wotero pokhapokha mutaiuza. Iyo imalumikiza mawu potengera zomwe zimakonda kutsatana m'zolemba zambirimbiri zomwe inaphunzitsidwa nazo, ndipo macheza akatalika, zomwe munanena poyamba zimayamba kuzimiririka. N'chifukwa chake bwato lanu linamera injini: m'nkhani zambiri zomwe makinawo anawerenga, maboti opulumutsa anthu amakhala a injini. Komanso inakonzedwa kuti izithandiza ndi kuvomereza, osati kukaniza, ndiye mng'ono wanu atafuna mapiko inangomupatsa. Ngakhale AI Dungeon, sewero la nthano loyendetsedwa ndi makina otere lomwe linatchuka mu 2019, linkadziwika ndi kuiwalaiwala komweku.

Yambani ndi kope ndi cholembera, foni ili poteropo. Lembani anthu a m'nkhani ndi ubale wawo, katundu yense amene ali m'bwato (tinene kuti nkhafi imodzi, thumba la mapira, mbuzi ndi tochi), kenako malamulo osaposa asanu. Lamulo loyamba likhale lakuti makinawo asawonjezere munthu kapena chinthu chomwe simunalembe. Lachiwiri, wosewera azipatsidwa zosankha ziwiri kapena zitatu zokhala ndi manambala, ndipo akalemba zina aziuzidwa mwaulemu kuti asankhe mwa zomwezo. Lachitatu, lomwe ife timaliona kuti ndi lofunika koposa, yankho lililonse lizitha ndi mzere wonena pamene bwato lafika, omwe alimo, ndi katundu amene watsala. Mzerewu umakumbutsa makinawo zomwe akanaiwala, monga momwe "tili tonse" amadzutsira wokamba nthano kuti asataye mutu wa nkhani. Zonsezi muziziika koyambirira kwa macheza atsopano nthawi iliyonse pamene munthu akuyamba kusewera.

Seweroli likhale lalifupi. Poti ndinu aphunzitsi, masamu ake simuvutika nawo: ngati wosewera asankha pakati pa njira ziwiri kakhumi, njira iliyonse n'kumabala zake, mathero ake amakwana 1,024, ndipo palibe angawalembe onse choko chili m'manja usana wonse. Odziwa luso limeneli amalola njira kupatukana pang'ono n'kukumananso, monga momwe timitsinje ta m'dambo la Elephant Marsh timagawikira m'mabango n'kudzalumikizananso kutsogolo. Mnyamata wanu akhoza kudzera m'bango kapena pamtsinje waukulu, koma njira zonse ziwiri zikafike pa chulu chimodzi, kusiyana kwake kukhale kwakuti wina wafika ndi mbuzi, wina waitaya. Magawo asanu ndi limodzi ndi mathero atatu n'zokwanira.

Pali zina zomwe makinawo sangakupatseni ngakhale mutawalamula chotani. Sadziwa kuti wopalasa bwato pa Shire amaopa mvuu ya mwana, yomwe imagubuduza bwato, mwinanso kuposa ng'ona. Sadziwa kuti njala ikafika povuta anthu a m'chigwa amalowa m'madzi kukazula nyika (mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi), kapenanso chifukwa chomwe agogo angakanire kusiya dimba lawo madzi ali m'chiuno. Mukawasiyira ufulu, adzakulemberani mtsinje wopanda dzina womwe ungapezeke kulikonse. Ziganizo zokhudza malo, mantha ndi malankhulidwe a agogo muzilembe nokha, makinawo azingoziyala pa nthawi yake.

Pa nkhani ya chiyankhulo, ChatGPT imayesetsa Chichewa, koma imaphonya kagwirizanidwe ka mawu ndipo nthawi zina imapeka mawu omwe kulibe. Chisena ndiye imachidziwa pang'ono kwambiri, popeza zolembedwa m'chiyankhulochi n'zochepa pa intaneti. Ngati mukufuna kuti agogo azilankhula Chisena cha ku Makhanga, azitchula mwadiya osati boti, yesani Twine, pulogalamu yaulere yomwe Chris Klimas anatulutsa mu 2009. Mmenemo mumalemba gawo lililonse nokha n'kulumikiza magawowo, ndipo chimene chimatuluka ndi fayilo imodzi ya HTML (yotseguka ngati tsamba la pa intaneti) yomwe mungatumizire anzanu pa WhatsApp, iwo n'kusewera ngakhale bandulo itatha. Kulemba kwake kumayenda bwino pa kompyuta kusiyana ndi pa foni. Ena amapanga chatbot yawoyawo pa Telegram (pulogalamu ya mauthenga ngati WhatsApp) kudzera pa chida chake chotchedwa BotFather, koma njira imeneyo imafuna kudziwako kulemba mapulogalamu, choncho siyoyambira.

Popeza mutu womwe mwasankhawu ndi wa madzi osefukira, kumbukirani kuti ena mwa osewera anu anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, enanso sanaiwale za Januwale 2015. Musaikemo mayina a anthu enieni, ndipo mayina a ana a m'kalasi mwanu asalowe mu chatbot. Onetsetsaninso kuti pakati pa zosankha za mnyamatayo pali chakuti akwere ndi agogo ake kumtunda n'kudikira thandizo, ndipo njira imeneyo ikhale ndi mathero ake abwino, kuti mwana wosewera asaganize kuti wopambana ndi yekhayo amene wawoloka.